Mlendo ndi Mame, Koma Alendo a Baker Ankasiya Buku

 Ndakhala duu kwa masabata angapo kaamba kochonga mayeso. Lero ndabwera ndi mbiri yakale ya kutali ndi kwathu kuno, koma pirirani nane, chifukwa zina mwa zimene timalemba pa bolodi mu Form 3 ndi Form 4 zinadzera njira imeneyi.

Nkhaniyi kwa ine inayamba ndili ku koleji. Mu laibulale munali buku lina lolemera la Linus Pauling, The Nature of the Chemical Bond. Kunena zoona sindinalimalize, ndipo masamba ambiri ndinkangowayang'ana ngati mbuzi yoyang'ana galimoto. Koma chimene chinandikanirira m'mutu ndi tsamba loyambirira, pamene panasonyeza kuti bukulo linachokera m'maphunziro amene mwini wake anakapereka ngati mlendo pa yunivesite ya Cornell, pa ndalama za munthu wina dzina lake George Fisher Baker. Ndinaganiza kuti Baker ameneyu anali katswiri wa Chemistry amene ine ndinali ndisanamumve. Patapita zaka ndinakumananso ndi dzina lomwelo pa buku lina, kenaka pa linanso. Apa m'pamene ndinayamba kufufuza.

Baker sanali wa sayansi ngakhale pang'ono. Anali mkulu wa banki. Anabadwa mu 1840, anayamba ukalaliki ali mnyamata, ndipo ku yunivesite sanapondeko. Mu 1863 anali m'gulu la anthu amene anayambitsa First National Bank ya mu mzinda wa New York, nadzakhala mtsogoleri wake mu 1877. Anali mnzake wa mpondamatiki uja J. P. Morgan, ndipo mabanki a ku America atagwedezeka mu 1907, awiriwa anali pakati pa anthu ochepa amene anatsekerana m'chipinda n'kugwirizana kuti apulumutse banki iti ndipo asiye iti. Ankadziwika kuti ndi munthu wosakonda kuyankhula, makamaka ndi atolankhani. Mu 1913 aphungu a nyumba ya malamulo anamuitanitsa kuti afotokoze chifukwa chake chuma cha dziko lonse chinali m'manja mwa anthu owerengeka, ndipo iye mwini anavomera kuti zinthu zafika poti zisapitirire pamenepo. Ndikunena izi kuti pasakhale wina woganiza kuti ndikukamba za woyera mtima. Anali munthu wa ndalama, ndipo ndalama zake zinali zochuluka zedi. Atakalamba anayamba kuzigawa: ku Harvard anapereka madola 5 miliyoni mu 1924 omangira sukulu ya zamalonda, ku Dartmouth anamanga laibulale, ku Columbia anagula malo a bwalo la masewero. Anamwalira mu 1931.

Cornell ili m'tauni yaing'ono ya Ithaca, m'chigawo cha New York, pamwamba pa phiri loyang'ana nyanja ya Cayuga. Musasokoneze ndi mzinda wa New York, womwe uli kutali, ulendo wa maola angapo. Ndi kumudzi ndithu, ndipo m'nyengo yozizira kumagwa chipale chofewa. Mu Febuluwale 1916 nyumba yophunzitsiramo Chemistry pa yunivesiteyo, Morse Hall, inapsa. Mkulu wa dipatimenti panthawiyo, Louis Munroe Dennis, anakhala zaka zingapo akuphunzitsa mongokakamira m'zotsalira za motowo ndi m'zipinda zobwereka. Ife amene tinaphunzitsapo titration pa desiki wamba, madzi tikutunga m'ndowa, tingathe kumumvetsa. Baker anapereka madola 1.5 miliyoni, ndipo mu 1923 anatsegula labotale yatsopano imene mpaka lero imatchedwa Baker Laboratory.

Nyumba ija inali mphatso yaikulu, koma mphatso imene ine ndikuiona kuti inabala kwambiri ndi yachiwiri, yaing'ono. Mu 1925 Baker anaperekanso madola 250,000, osati omangira kanthu, koma oitanira alendo. Ndalamazo sankazidya ayi. Anaziika pamalo poti zizibereka, ndipo chaka ndi chaka ankagwiritsa ntchito phindu lokhalo. Zili ngati munthu wakupatsa ng'ombe yaikazi n'kukuuza kuti mkaka uzimwa koma ng'ombeyo usadzaphe, ngakhale pagwe maliro. Phindu limenelo ndi limene linkalipira sitima yapamadzi yowolotsa mlendo nyanja ya Atlantic, malo ake ogona, malipiro ake, ndi kusindikiza zimene waphunzitsa. Mlendo woyamba anafika mu 1926, ndipo maphunzirowa anthu anangowatcha kuti Baker Lectures.

Chifukwa chake Dennis anafuna alendo n'chosavuta kumva. Masiku ano tinazolowera kuganiza kuti nzeru zonse za sayansi zili ku America, koma m'zaka za m'ma 1920 sizinali choncho. Mnyamata wa ku America wofuna kudziwa za atomu ankanyamula sutikesi kupita ku Munich, ku Göttingen, ku Copenhagen kapena ku Cambridge. Magazini ofunika kwambiri a Chemistry ankalembedwa m'Chijeremani. Dennis mwini anaphunzirako ku Germany. Ndiye anaona kuti m'malo motumiza ophunzira awiri kapena atatu ku Ulaya, ndi bwino kutenga mphunzitsi wa ku Ulaya n'kumuika pamaso pa kalasi yonse. N'chifukwa chake pafupifupi alendo onse a zaka zoyambirira anali ochokera ku Netherlands, Germany ndi Britain.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Miyambi iwiriyi ndi yoona yonse, ndipo vuto la aliyense woitana mlendo ndi loti kalumoko kamete mutu mame asanaume. A ku Cornell anachita zinthu ziwiri. Choyamba, mlendo sankabwera kudzayankhula ola limodzi n'kuwomberedwa m'manja. Ankakhala teremu yathunthu, miyezi itatu kapena inayi, akuphunzitsa sabata ndi sabata, ali ndi ofesi yake ndi malo ake mu labotale, moti wophunzira amene sanamve Lachiwiri ankatha kukagogoda Lachitatu. Chachiwiri, ankayembekezeka kusiya buku. Mabuku oyambirira anasindikizidwa ndi kampani ya McGraw-Hill, otsatira ake ndi Cornell University Press. Katswiri wotanganidwa amatha kukhala zaka khumi akunena kuti ndidzalemba, ndidzalemba. Koma mukamuchotsa pa ofesi yake, n'kumuika m'tauni yozizira kumene kulibe kopita madzulo, ndi kalasi yomudikira m'mawa, amalemba.

Pa alendo oyambirira, amene amandisangalatsa ndi A. V. Hill wa ku Britain, amene anabwera mu 1927. Iyeyu anali atalandira kale mphoto ya Nobel ya 1922 chifukwa cha kafukufuku wa minofu ya m'thupi. Aphunzitsi a Biology, mawu aja akuti oxygen debt amene mumavutika nawo pofotokoza chifukwa chake mwana amapumirabe m'mwamba mpikisano utatha, ndi a Hill. Atafika ku Ithaca sanangokhala m'kalasi. Anapita kubwalo la masewero, namangirira kamaginito pa thupi la wothamanga, n'kuimika mawaya opiringiza m'mbali mwa njira pa mitunda yoyezedwa bwino. Wothamanga akadutsa pa waya aliyense, maginito aja ankadzutsa kamphamvu ka magetsi, ndipo galvanometer inkalemba nthawi yake. Mwa njira imeneyi anatha kuona mmene liwiro la munthu limakwerera kuyambira poyambira mpaka pamene lafika pachimake. Ndi electromagnetic induction yomwe ija ya mu Form 4, imene ana amati ilibe ntchito. Buku lake, Muscular Movement in Man, linatuluka chaka chomwecho.

Wina ndi Alfred Stock wa ku Germany, mlendo wa 1932. Dzinali mwina simulidziwa, koma ntchito yake mumailemba tsiku ndi tsiku. Paja timati iron(II) sulphate ndi iron(III) chloride, m'malo mwa ferrous ndi ferric zimene zinkasokoneza aphunzitsi athu akale? Njira yolemba manambala a Chiroma ija anaiyambitsa ndi Stock. Ku Cornell anakaphunzitsa za boron ndi silicon, ndipo buku lake linatuluka mu 1933. Koma mbiri yake ili ndi chenjezo. Zida zimene anapanga zogwirira mipweya yoyaka msanga zinkadalira mercury, ndipo kwa zaka zambiri munthuyu ankadwala mutu, chizungulire ndi kuiwalaiwala osadziwa chikumudya n'chiyani. Anadzazindikira kuti ndi nthunzi ya mercury ya mu labotale yake yomwe, ndipo mu 1926 analemba zochenjeza anzake. Ndikakumbukira mmene ife tili ana tinkagubuduzira mercury ya thermometer yosweka pachikhatho, kulimbirana kuti aliyense agwireko, thupi limachita tsemwe. Aphunzitsi anzanga, thermometer ikasweka tulutsani ana, tsegulani mawindo.

Tibwerere kwa Pauling. Anafika ku Ithaca chakumapeto kwa 1937 ali ndi zaka 36, kuchokera ku California. Onani mmene zinthu zinali zitatembenukira: mnyamata yemweyu mu 1926 anali mmodzi wa aja onyamula sutikesi, anakaphunzira ku Munich kwa Arnold Sommerfeld. Patangotha zaka khumi ndi chimodzi, ndiye anali mlendo wolemekezeka, wobadwira ku America konko. Maganizo ake anali atawafalitsa kale m'magazini kuyambira 1931, koma anali omwazikana, odzaza masamu, owerengedwa ndi akatswiri ochepa. Miyezi ya ku Cornell, kutali ndi banja ndi ntchito za mu ofesi, ndi imene inamupatsa mpata wowasonkhanitsa m'chiyankhulo choti wophunzira wa Chemistry wamba angamve. Buku linatuluka mu 1939, ndipo analipereka kwa G. N. Lewis, mwini wa timadontho tija timene timajambula kuzungulira chizindikiro cha atomu.

Kodi m'bukumo munali chiyani chimene chinafika mpaka kwa ife? Ife timaphunzitsa ana kuti ma bond alipo a mitundu iwiri, ionic ndi covalent: kwina atomu imapereka elekitironi, kwina maatomu amagawana. Timajambula mzere pakati pa bolodi, uku sodium chloride, uku methane, ana n'kukopera. Pauling anasonyeza kuti awa si mabokosi awiri ayi, koma nsonga ziwiri za msewu umodzi, ndipo ma bond ambiri ali penapake pakati. Ine ndimauza ana kuti aganize za anthu awiri ofunda bulangete limodzi mwezi wa Juni. Ngati ali ofanana mphamvu, bulangete limakhala pakati. Ngati wina ali wamphamvuko, limapendekera kwa iye ngakhale mnzakeyo akadafundako. Ngati kusiyana kuli kwakukulu, wina amadzuka m'mawa ali pamtetete. Mphamvu yokoka bulangete imeneyi ndiyo electronegativity, ndipo Pauling anaipatsa manambala: fluorine 4.0, oxygen 3.5, chlorine 3.0, hydrogen 2.1, sodium 0.9. Chotserani 0.9 pa 3.0 muone chifukwa chake mchere uli ionic. Chotserani 2.1 pa 3.5 muone chifukwa chake madzi ali ndi mbali ina yopendekera ku negative ndi ina ku positive, ndipo n'chifukwa chake amasungunula mchere koma amakana mafuta. Mwana akamvetsa manambala asanu amenewa, theka la zimene timamuloweza pamtima sakufunikanso kuloweza.

Buku lomweli linakafika m'manja mwa James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge, ndipo Watson anadzalemba yekha kuti ankalidalira pamene ankafunafuna maonekedwe a DNA, amene anawapeza mu 1953. Choseketsa n'choti pa mpikisano umenewo munthu amene ankamuopa kuti awapitirira anali Pauling yemweyo. Anamugonjetsa ndi buku lake lomwe. Pauling analandira Nobel ya Chemistry mu 1954, ndi ya mtendere ya 1962 chifukwa cholimbana ndi kuyesa mabomba a nyukiliya.

Nkhondo itatha mwambo unapitirira. Mu 1948 anaitana Paul Flory, munthu wa m'makampani, amene anayamba ntchito ku DuPont pansi pa Wallace Carothers, wotulukira nayiloni. Maphunziro ake anabala buku la Principles of Polymer Chemistry mu 1953, limene linakhala maziko a sayansi ya mapulasitiki ndi mphira, ndipo iye analandira Nobel mu 1974. Chaka chomwecho cha 1953 kunatulukanso buku la Christopher Ingold wa ku London, mlendo wa 1950, lofotokoza mmene ma reaction a organic chemistry amayendera sitepe ndi sitepe. Amene munapitiriza Chemistry ku yunivesite ndipo munalira ndi SN1 ndi SN2, wokulizani ndi ameneyo.

M'zaka za m'ma 2000 a ku Cornell anasintha kachitidwe. M'malo mwa mlendo mmodzi wokhala teremu yonse, anayamba kuchita msonkhano waufupi wa akatswiri angapo. Zifukwa zake n'zomveka: ndege zilipo, intaneti ilipo, ndipo katswiri wa masiku ano ali ndi gulu la ofufuza limene sangalisiye miyezi inayi. Komabe ine mtima wanga sukuvomera kwenikweni. Pa zaka zanga zonse za uphunzitsi ndalandirapo alendo ambiri pa sukulu. Amafika pa galimoto yoyera cha m'ma 10, ana tawakhazika padzuwa kuyambira 8, amayankhula bwino ndithu, timajambulitsa, amasaina buku la alendo, pofika 12 fumbi lokha. Sabata yotsatira mukafunsa ana zimene ananena, amakumbukira galimoto. Koma panabwera mtsikana wina wa ku koleji kudzachita teaching practice kwa teremu imodzi, wamanyazi, wosadziwika ndi aliyense. Anasiya kope la ma practical khumi ndi awiri ochitika ndi zinthu za pa msika, monga madzi a kabichi wofiira, phulusa, mandimu ndi soda. Kope limenelo ndinaligwiritsa ntchito mpaka linathothoka chikuto.

Mndandanda wa alendo a Baker uli ndi mbali ina imene sindinaiyembekezere pamene ndinayamba kuuwerenga. Ukauyang'ana dzina ndi dzina, n'kufunsa kuti munthu uyu zinamuthera bwanji, umapeza kuti ukuwerenga mbiri ya Ulaya ya pakati pa nkhondo ziwiri zija.

Tengani Otto Hahn. Anachoka ku Berlin kupita ku Ithaca kumayambiriro kwa 1933, patangopita masabata ochepa Hitler atatenga boma pa 30 Januwale. Pamene iye ankaphunzitsa za radium ku Cornell, kwawo kunatuluka lamulo la pa 7 Epulo lochotsa Ayuda pa ntchito za boma, kuphatikizapo m'mayunivesite. Mnzake wa mu labotale wa zaka zoposa makumi awiri, Lise Meitner, amene anali wa mtundu wa Chiyuda, ankamulembera makalata omuuza zimene zikuchitika. Hahn poyamba sanaone kukula kwa nkhaniyo, moti atafunsidwa ndi nyuzipepala ina ya ku Toronto anayankha mochepetsa zinthu ndi moikira kumbuyo boma latsopanolo. Pobwerera kwawo pakati pa chaka anapeza Fritz Haber, uja wa Haber process imene imatipatsa feteleza, atatula pansi udindo chifukwa chokana kuchotsa antchito ake achiyuda, ndipo Hahn ndi amene anapatsidwa kuti agwirizire mpandowo. Haber anamwalira ku Basel mu Januwale 1934. Chaka chotsatira Hahn anayankhula pa mwambo womukumbukira ngakhale boma linali litaletsa aphunzitsi a m'mayunivesite kupitako. Apa ndiye kuti maso anali atatseguka.

Buku la Hahn la ku Cornell, Applied Radiochemistry, linatuluka mu 1936. Mnyamata wina wa ku Berkeley, Glenn Seaborg, anadzanena kuti ankaliwerenga mobwerezabwereza ngati buku lopatulika. Seaborg ameneyu ndi amene pamodzi ndi anzake anatulukira plutonium mu 1941, ndipo plutonium ndi imene inali mu bomba la ku Nagasaki. Hahn mwini, ndi Fritz Strassmann, anapeza mu Disembala 1938 kuti uranium ikawombedwa ndi ma neutron pamatuluka barium, ndipo Meitner, ali kothawira ku Sweden, ndi amene pamodzi ndi Otto Frisch anafotokoza kuti atomu yang'ambika pakati. Nobel inapita kwa Hahn yekha. Buku likatuluka mwini wake salisankhira owerenga.

Alendo ena a zaka zoyambirira anasanduka othawa kwawo. Fritz Paneth, amene anabwera mu 1926, anali ku Britain pamene Hitler ankatenga boma ndipo sanabwererenso ku ntchito yake ya ku Königsberg. Kasimir Fajans, mlendo wa 1930, anachoka ku Munich mu 1935 nakathera ku Michigan. George de Hevesy, amenenso anabwera mu 1930, anasamukira ku Copenhagen, ndipo asilikali a Germany atalowa mu mzindawo mu 1940 anatenga mamendulo agolide a Nobel a Max von Laue ndi James Franck, amene anasungitsidwa kumeneko, n'kuwasungunula mu aqua regia. Botolo linakhala pa shelefu nkhondo yonse osakhudzidwa, ndipo itatha golide uja anamutulutsanso n'kupanga mamendulo ena. Nkhani imeneyi ndimaikamba chaka chilichonse ndikafika pa reactivity series, ndipo ngakhale ogona kumbuyo amadzuka. Hill uja wa othamanga nayenso anali mmodzi wa oyambitsa bungwe la ku Britain lopezera ntchito aphunzitsi othawa ku Germany mu 1933.

Kwa munthu mmodzi, kalata yoitanira ku Cornell inasanduka khomo lotulukira. Peter Debye anali wa ku Netherlands, wobadwira ku Maastricht, koma ntchito yake yaikulu anaigwirira ku Germany. Analandira Nobel ya Chemistry mu 1936, ndipo kupendekera kwa bulangete kuja ndafotokoza, akatswiri amakuyeza mu muyeso wotchedwa debye. Nkhondo itayamba mu 1939 iye anali mkulu wa Kaiser Wilhelm Institute for Physics ku Berlin. Boma linafuna malowo kuti achitirepo kafukufuku wa uranium, ndipo linamuuza kuti asankhe: akhale nzika ya Germany kapena achoke pa mpando. Anakana kusintha unzika, natenga tchuthi, n'kunyamuka mu Januwale 1940 kukapereka Baker Lectures. Mu Meyi chaka chomwecho Germany inalanda dziko lakwawo. Mlendo wa teremu imodzi uja sanabwererenso. Anakhala mkulu wa dipatimenti ya Chemistry pa Cornell, ndipo ndi iye amene anadzaitana Flory. Anamwalira ku Ithaca mu 1966.

Patatha zaka 40 chimwalirireni, mu 2006, mtolankhani wa ku Netherlands, Sybe Rispens, anatulutsa buku limene linakumbutsa anthu za kalata ina. Mu Disembala 1938 Debye, monga wapampando wa bungwe la akatswiri a Physics ku Germany, analembera mamembala kupempha kuti Ayuda amene anatsala m'bungwemo atule umembala, ndipo anatseka kalatayo ndi malonje aja otamanda Hitler. Kunali chipwirikiti. Yunivesite ya Utrecht inachotsa dzina lake pa nthambi yake ina ya kafukufuku. A ku Cornell anafufuza paokha, nanena kuti sanapeze umboni woti anali wa chipani cha Nazi kapena wodana ndi Ayuda, ndipo dzina lake analisunga. Omuikira kumbuyo anakumbutsa kuti miyezi isanu kalata ija isanalembedwe, mu Julayi 1938, Debye yemweyu anali mmodzi wa amene anakonza zoti Meitner athawe ku Berlin, powuza Dirk Coster wa ku Groningen kuti adzamutenge pa sitima yapamtunda, chinthu chimene chikanamuika m'mavuto aakulu chikanadziwika. Mu 2008, komiti ina itaunikanso nkhaniyo, Utrecht inabwezeretsa dzinalo.

Ine maganizo anga ndi awa. Kalata ija anasaina, ndipo anthu amene anailandira anamva kuwawa kwake mosayang'ana kuti wosainayo mumtima mwake ankaganiza chiyani. Sindingaifufute. Komanso ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi tikudziwa mmene munthu wabwinobwino ankagulira khadi, kuwomba m'manja pa msonkhano, madzulo ake n'kukabisa mnzake wofunidwa. Amene sanakhalepo m'nyengo yotero amafulumira kuweruza. Chimene ndimaona n'choti Debye anali munthu wofuna kupulumutsa labotale yake ndi banja lake, ndipo pochita zimenezo anagonjera zina zimene sankayenera kugonjera. Anali ndi mwayi woti kutsidya la nyanja kunali thumba la ndalama za mkulu wa banki, ndi kalata yomuitana.

Ndasunga dala mlendo woyamba kuti ndimalize naye. Dzina loyamba pa mndandanda wonse, la 1926, ndi Ernst Cohen wa ku Utrecht. Anali wophunzira wa J. H. van 't Hoff, munthu woyamba kulandira Nobel ya Chemistry, ndipo pa nthawi imene ankapita ku Ithaca anali pulezidenti wa IUPAC, bungwe lija limene limatipatsa malamulo a katchulidwe ka ma compound. Pakati pa 1912 ndi 1914 iye ndi Debye ankaphunzitsa pa yunivesite imodzi ya Utrecht yomweyo. Cohen ankadziwika ndi kafukufuku wa nthenda ya chitsulo cha tin. Chitsulo chimenechi chikakhala nthawi yaitali pamalo ozizira kuposa madigiri 13, chimayamba kutuluka timatuza totuwa, kenaka n'kufumbutuka kukhala ufa. Sikuti chachita dzimbiri, palibe chimene chalowamo kapena kutulukamo, maatomu omwewo angosintha kaimidwe. Ndipo Cohen anasonyeza kuti kachidutswa kodwala kakakhudza tin wabwino, nayenso amayamba kufumbutuka. Ndi chitsanzo cha allotropy choposa diamond ndi graphite zimene timangobwereza chaka ndi chaka. Za kusintha kotereku ndi zimene anakaphunzitsa ku Cornell, ndipo ndi zimene zili m'buku loyamba la mndandanda wa Baker.

Cohen anapuma pa ntchito mu 1939. Anali Myuda. Asilikali a Germany atalanda Netherlands anamulanda katundu, namumanga mu 1943, n'kumumasula anzake atamudandaulira. Anzakewo anamuuza kuti abisale, iye anakana, poti sankaona chimene analakwa. Anamugwiranso kumapeto kwa Febuluwale 1944, napita naye ku msasa wa Westerbork, ndipo kuchokera kumeneko anamukweza sitima ya ku Auschwitz. Anaphedwa m'masiku oyambirira a Malichi, kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti akwanitse zaka 75.